Amene Anakama Ng'ombe za Arlen

Mtembo wa Arlen Kieffer unapezeka Lachitatu m'mawa m'khola lake la ng'ombe zamkaka, uli chagada pafupi ndi chipata chachitsulo, mutu utaphwanyika kunkhongo. Marlys Tveit, wapolisi wofufuza milandu, anafika pafamupo cha m'ma 7 koloko. Mayiyu wagwira ntchitoyi mpaka imvi mbuu, ndipo mtembo sumuopsa. Chimene chinamuopsa tsikulo ndi magalimoto amene anali atayamba kale kundanda m'mbali mwa msewu, eni ake ali duu m'katimo, mfuti zili pamipando.

Arlen tinkamudziwa tonse kuno ku Halder Creek. Pageti pake panali zikwangwani zoti aliyense wopanda mapepala omulola kukhala m'dziko muno abwerere kwawo, ndi zina zonyoza oweruza amene ankaletsa boma kuthamangitsa anthu. Kuno ku Wisconsin timavotera ngakhale oweruza, ndiye chaka cha chisankho anthu amasiya kupatsana moni kutchalitchi. Koma Arlen yemweyo, ng'ombe zake ankamukamira ndi Eusebio Tzoc, munthu wa ku Guatemala wopanda pepala ndi limodzi lomwe. Palibe amene ankaona chachilendo, chifukwa mafamu ambiri kuno ndi mmene amayendera.

Amene anaimbira apolisi anali mng'ono wa malemuyo, Duane Kieffer, mphunzitsi wa kusekondale. Awiriwa sankamwerana madzi. Duane ankatsogolera zionetsero zoteteza obwera kuchokera kumaiko ena, ankawathandiza kukonzekera milandu yawo, ndipo pa maliro a mayi awo iye ndi mkulu wake anatukwanana pamanda chifukwa cha chigamulo cha khoti lalikulu.

Marlys anamupeza atakhala pa thumba la chakudya cha ng'ombe, manja ali m'matumba a jekete. Duane ananena kuti anafika 6 koloko kudzaonana ndi Eusebio, chifukwa mawa lake, Lachinayi 9 koloko, Eusebio ankayenera kukaonekera ku khoti la mumzinda pa mlandu wake wopempha kukhala m'dziko muno. Marlys atafunsa ngati anamuonadi, Duane anazemba funsolo.

"Sindikufuna kumuika munthu m'mavuto, mayi."

"M'mavuto muli mkulu wanu wagona apoyo. Munamuona kapena ayi?"

"Ndinaona munthu akutulukira khomo lakumbuyo. Ndikuganiza kuti anali iyeyo."

Marlys anayendera khola lonse. Ng'ombe zinali zitakamidwa, zili phee zikubzikula. Makina okamira anali otsukidwa, thanki ya mkaka yodzaza, ndipo galimoto yotenga mkaka itabwera anailola kupopa, poti mkaka sudikira mlandu. Kanyumba ka Eusebio kuseri kwa khola kanali kotseguka, zovala mulibe. Nkhani inaoneka yosavuta: wantchito anakama, anakangana ndi bwana wake, anamupha, n'kuthawa ndi banja lake.

Mkulu wa apolisi, amenenso anali pa kampeni yoti timuvoterenso, ankafuna kulengeza dzina la Eusebio nthawi yomweyo. Marlys anapempha kuti adikire tsiku limodzi lokha. Mkuluyo anavomera pakamwa, koma dzuwa lisanafike pamutu chithunzi cha Eusebio chinali m'mafoni a aliyense, ndipo amene anachitulutsa sanadziwike mpaka lero. Masana ake amuna ena anatseka msewu wa kumlatho n'kumaimitsa galimoto iliyonse yokhala ndi munthu wakhungu loderako. Anthu a mbali inayo anasonkhana pabwalo la khoti n'kumakuwa kuti apolisi akusaka wosalakwa. Aliyense anali atagamula kale, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anali atalowa m'kholamo.

Marlys anayamba ndi mayi wina namwino amene mwezi wathawo anathira penti pa zikwangwani za Arlen n'kumuuza pagulu kuti adzafa imfa yowawa. Namwinoyo analira, nati anali pa ntchito kuchipatala mpaka kunja kutacha, ndipo anzake anamuikira umboni. Maola awiri anapita pachabe.

Madzulo wina anamutsina khutu kuti akaone kuchipinda chapansi cha tchalitchi cha m'tauni yoyandikana nayo. Anapitako yekha, pagalimoto yake, atavula chilichonse choonetsa upolisi. Anapeza Floridalma, mkazi wa Eusebio, atakhala pamatiresi atakumbatira mwana wake wamkazi. Mayiyo ataona mlendo anaopa, mpaka abusa a tchalitchicho anachita kumugwira paphewa.

Zimene Floridalma ananena zinamudabwitsa Marlys. Lachiwiri kunamveka kuti khoti lalola apolisi a za olowa m'dziko kuyamba kugwira anthu m'mafamu. Madzulo omwewo Arlen anawakweza m'galimoto yake, nawabweretsa kutchalitchiko, n'kuwauza kuti asatuluke mpaka Lachinayi, iye mwini adzawatenga kupita nawo ku khoti.

"A Arlen omwe aja a zikwangwani?"

"Omwewo. Anati, 'Ndinavotera kuti achotse zigawenga, osati iwe, chitsiru iwe. Khala pansi apa.' Anatigulira ndi buledi yemwe."

Abusa anavomereza kuti anawaona akufika, koma iwo anakagona kunyumba kwawo, ndiye sakanalumbira kuti Eusebio sanatuluke mbandakucha. Eusebio mwini wake kunalibe. Ataona nkhope yake pafoni masana, anatulukira pazenera n'kulowa m'minda ya chimanga, ndipo foni anaisiya pamatiresi.

"Mawa akapanda kufika ku khoti, basi zathu zatha," anatero Floridalma. "Woweruza amagamula munthu kulibe. Kwathu anapha achimwene ake awiri, ndipo iyenso akumudikira. Mayi, muuzeni kuti atuluke."

Marlys analibe poti n'kumuuzira. Ndipo kunena zoona, akanamupeza sakanamuuza kuti atuluke, chifukwa pamlatho paja panali anthu amene zala zawo zinkayabwa. Anabwerera ali ndi mantha amene anali asanawamvepo pa ntchitoyi, oti mawa adzaitanidwa kukaona mtembo wachiwiri m'chimanga.

Lachinayi m'mawa, 8 koloko itangokwana, foni inalira. Anali Lyle Hovde, dalaivala wa galimoto ya mkaka, ndipo anali wolusa. Kufakitale anakana mkaka wonse wa dzulo, galimoto yathunthu, chifukwa atauyeza anapezamo mankhwala a jakisoni, ndipo atalondola anapeza kuti unachokera m'thanki ya Arlen. Lyle ankafuna kudziwa kuti akadandaule kwa ndani, poti mwini famu wamwalira.

Marlys anamufunsa kuti zoterezi zimachitika bwanji. Lyle anati ng'ombe ikabayidwa jakisoni amaimanga kalamba kofiira kumwendo, ndipo mkaka wake amautayira padera mpaka mankhwala atatha m'thupi. Chiyambireni kutenga mkaka pafamupo zimenezi zinali zisanachitikepo.

Marlys anathamangira kukhola. Mnansi amene ankasamalako ng'ombezo anamuonetsa yaikazi yakuda yokhala ndi kalamba kofiira kumwendo wakumbuyo, katadetsedwa ndi ndowe moti wosadziwa sakanakaona. Anaimbira Floridalma, ndipo mayiyo anati ng'ombeyo inatupa bere Lolemba, anaibaya ndi Eusebio, lambayo anamanganso ndi Eusebio yemweyo. Munthu sangaiwale ng'ombe imene waibaya yekha dzana. Arlen nayenso ankaidziwa. Choncho amene anakama Lachitatu ankadziwa kugwira makina, koma ng'ombe za m'kholamo sankazidziwa.

Marlys anakamutenga Duane kusukulu ali pakati pophunzitsa. M'chipinda chofunsira mafunso anakhala pansi manja ali pansi pa tebulo, ndipo Marlys anamupempha kuti awaike pamwamba. M'mphepete mwa zikhadabo munali mtundu wofiirira wa mankhwala amene okama amaviikamo mawere a ng'ombe, amene sachoka ndi sopo tsiku limodzi.

"Munasiya liti kukama, aphunzitsi?"

"Kalekale. Ndisanapite ku koleji."

"Nthawi imeneyo ng'ombe yodwala munkaizindikira bwanji?"

"Bambo ankailemba choko pamsana."

"Masiku ano amamanga lamba kumwendo. Inu munkayang'ana pamsana, ndipo mwatayitsa mkaka wa galimoto yathunthu."

Marlys anamuuza Duane kuti Eusebio anachoka pafamupo Lachiwiri madzulo, ndipo anamuchotsa ndi Arlen. Anamukumbutsanso kuti ali ndi ufulu wokhala chete ndi woitana loya. Duane anapukusa mutu, ndipo mawu anayamba kutuluka okha.

Arlen anamuimbira kunja kusanache, koyamba chiikireni mayi awo m'manda. Anati ali yekha, msana ukumupweteka, ng'ombe zonsezo sangazithe, ndipo anapempha mng'ono wake kuti abwere adzamuthandize. Duane anapita, koma anapita ndi mkwiyo wa zaka zambiri. Atangolowa m'khola anayamba kumunena kuti kusowa wantchito ndi zimene ankafuna, anavotera zimenezi, tsopano adye zikwangwani zakezo. Arlen anabweza kuti oweruza a Duane ndi amene asokoneza dziko, ndipo Duane amakonda obwera pa zionetsero pokha, sanayambe wadzukapo nawo mbandakucha kukagwira ndowe.

"Anandiuza kuti, 'Iwe umawakonda ngati mbendera, ine ndimadya nawo.' Ndinamukankha pachifuwa. Kamodzi kokha, mayi. Pansi panali ponyowa."

Arlen anaterereka n'kumenyetsa mutu pachipata. Duane anagwada, namugwedeza, namuitana dzina la paubwana, koma munthu anali atapita. Anakhala pansi pomwepo osadziwa chochita. Ndiyeno ng'ombe zinayamba kulira, chifukwa nthawi inali itapitirira ndipo mawere anali atadzaza.

"Sindinakame kuti ndibise kanthu. Zinkalira. Mwana wa pafamu sangamve kulira kumene kuja n'kukhala pansi. Ndinakama zonse, achimwene ali pomwepo, ndikuwalambalala."

"Za Eusebio zinabwera liti?"

"Ndikutsuka makina. Ndinaona kuti aliyense adzaganiza kuti wakama ndi iyeyo."

"Ndipo munadziwa kuti sangabwere kupolisi kudzadziyankhira."

"Ndinadziwa."

"Munadziwa bwanji?"

"Ndine amene ndinamuphunzitsa kuti akaona apolisi asatsegule chitseko."

Marlys wamvapo anthu ambiri akuulula, ena akulira, ena akuseka, koma apa mtima unamuwira moti anaimirira n'kupita pazenera kuti asanene zosayenera. Munthu amene ankaima pabwalo ndi chimkuzamawu kunena kuti obwera ndi abale athu, mantha atamugwira anatola m'bale yemweyo n'kumuponya kutsogolo. Ndipo amene ankawatukwana pazikwangwani ndi amene anawagulira buledi.

Duane anapukuta m'maso. Anayamba kulankhula mofulumira, mwauphunzitsi, kuti alemba zonse ndi kusaina, apolisi alengeze msanga kuti Eusebio alibe mlandu, anthu a pamlatho abwerere kwawo. Anati Eusebio mlandu wake ndi wolimba, anamukonzekeretsa bwino, akangoima pamaso pa woweruza apambana. Kenako anaima pakati pa chiganizo n'kuyang'ana khoma, pamene panalibe wotchi.

"Nthawi ili bwanji?"

"Yadutsa 11 koloko."

"Anapita? Pali amene anamutenga?"

Marlys anali atalandira uthenga wa abusa asanalowe m'chipindamo. Abusawo anapita okha ku khoti kukapempha kuti mlandu uimitsidwe, koma iwo si loya, ndipo sanaloledwe kulankhula. Dzina la Eusebio Tzoc linaitanidwa, palibe anayankha, woweruza nagamula kuti achoke m'dziko muno.

"Woti amutenge anali mkulu wanu," anatero Marlys. "Eusebio akadali m'chimanga, akuthawa mlandu wanu. Imirirani, manja kumbuyo."