Phulusa ndi Uvuni wa Masikono

Veronika anali ndi mphaka. Dzina lake anali Phulusa, poti anali wotuwa. Koma mphaka ameneyu, eee, kukonda kubisala!

Ankabisala m'dengu. Ankabisala mumtsuko. Ankabisala m'thumba la mtedza. Veronika ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna Phulusa azigona poonekera.

Kwawo kunali kwa Mavwere. Unali mwezi wa Juni. Kunkazizira koopsa.

Amayi a Veronika ankaphika masikono ogulitsa. Uvuni wawo unali wa njerwa. Unali kuseri kwa khola la mbuzi. Amayi ankaphika Lolemba ndi Lachinayi. Akamaliza, uvuni unkakhala wofunda mpaka madzulo.

Madzulowo inali ntchito ya abambo a Veronika, a Zakeyu. Ankalonga nkhuni mu uvuni kuti ziume. Ankazipanikiza kwambiri. Kenako ankatseka pakhomo pa uvuniwo ndi lata. Palatapo ankatsamiritsa mwala waukulu.

Lachiwiri m'mawa, Phulusa sanabwere kudzadya.

"Phulusa! Pusi, pusi!" anaitana Veronika.

Kunali zii.

Anayang'ana m'dengu. Munalibe. Anayang'ana mumtsuko. Munalibe. Anakhuthula thumba la mtedza. Munalibenso.

"Amayi, mwamuona Phulusa?"

"Ali ku mbewa ameneyo," anatero amayi. "Mphaka sasochera. Abwera."

Koma sanabwere.

Lachitatu, matemba ake anadyedwa ndi nyerere. Veronika anapita kwa a Dickson, oyandikana nawo nyumba.

"Zikomo, a Dickson. Mwamuonako mphaka wanga?"

"Ayi, mwanawe," anatero a Dickson. "Wanga analowa mumgolo chaka chatha. Wina anavundikira osadziwa. Tinamupeza ndi fungo."

Kalanga ine! Mawu ouza mwana amenewo? Veronika anathamangira kwawo. Anavundukula mgolo uliwonse. Anavundukula ndowa iliyonse. Anaitana mpaka mawu anasasa. Zinkangoyankha ndi mbuzi: mee, mee! Tsiku limenelo sanadye. Anangolira.

Lachinayi linafika. Dzuwa linali litangotuluka. Amayi anakanda ufa wa masikono. Anachotsa mwala uja. Anasuntha lata. Anaika udzu kutsogolo kwa nkhuni. Kenako anayatsa machesi.

Veronika anabwera kudzawotha moto. Manja ake anali ozizira. Anawatambasula pamoto.

"Kukazizira, ine ndimabwera pano," anaganiza. "Pano ndiye pofunda. Nanga Phulusa?"

Anayang'ana panjerwa ya pakhomo. Panali ubweya. Ubweya wotuwa!

"Amayi, zimitsani moto! Phulusa ali m'katimo!"

"Choka apo, iwe, upsa!" anatero amayi. "Ufa wafufuma kale."

Udzu unkanyeka. Nkhuni zinayamba kuthetheka. Veronika sanadikire. Ananyamula ndowa ya madzi. Anakhuthulira pamoto: khwaa! Utsi unati tolo!

"Veronika! Wapenga?" anakuwa amayi.

Pomwepo anamva kamawu. Kamawu kakang'ono, kosasa.

"Nyaa."

Amayi anagwira pakamwa. "Mayi ine! Bambo a Veronika, thamangani!"

A Zakeyu anafika akuthamanga. Anasolola chikuni. Anasololanso china. Utsi unkawalowa m'maso. Chikuni china chinawawotcha chala. Koma sanasiye. Kenako anapisa dzanja pakati pa nkhuni. Anatulutsa Phulusa.

Phulusa anali wakuda bii ndi mwaye. Nthiti zinali poyera. Ndevu za mbali imodzi zinali zitapsa. Maso anali otseka. Sankagwedezeka.

"Wafa?" anafunsa Veronika.



A Zakeyu anakhala pansi. Anagwira mutu. "Ndine ndinatseka," anatero. "Sindinasuzumire. Masiku atatu, opanda madzi!"

Veronika anafunyulula chitenje chake. Anakulungamo Phulusa. Anaviika chala m'madzi. Anadonthezera pakamwa pake. Dontho limodzi. Palibe. Dontho lachiwiri. Palibe.

"Phulusa, ndine," ananong'oneza. "Usandisiye."

Dontho lachitatu. Khutu linagwedezeka. Kalilime kanatuluka. Kananyambita chala cha Veronika.

"Ali moyo! Ababa, ali moyo!"

Amayi anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. "Undikhululukire, mwanangu," anatero. "Ukanandimvera, bwenzi tikunena zina."

Tsiku limenelo kunalibe masikono. Uvuni unali wonyowa. Ufa uja amayi anakazingira mandasi. A Zakeyu anatenga beseni lakale. Anayalamo chiguduli. Analiika kukhitchini, pafupi ndi mafuwa. Apo panali pofunda. Panalinso poonekera.

Lolemba linafikanso. Amayi anaphika. Madzulo, a Zakeyu anatuta nkhuni. Koma sanafulumire kulonga. Anagwada. Anasuzumira mu uvuni. Anasuzumira kumanja. Anasuzumira kumanzere.

"Veronika! Phulusa ali kuti?"

"Ali m'manja mwanga, ababa."

"Bwera naye ndimuone."

Veronika anamukweza m'mwamba. Ndevu zija zinali zisanamere. A Zakeyu anamusisita ndi chala chopsa chija. Phulusa anachinyambita.

Apo m'pamene a Zakeyu analonga nkhuni ndi kutseka lata.