Kanyanja Kamene Chindikani Analonjeza

Salome anakumana naye pa siteji ya makombi ku Block 3, m'mawa wina wa Okutobala 2005, atangoweruka kuchipatala kumene ankagwira ntchito ya unamwino. Mapazi anali atatupa, maso ali psuu, ndipo dzuwa la ku Gaborone linali litayamba kale kuwotcha anthu osalakwa.

Kombi itaima, mwamuna wina wamtali, wonyamula chithumba chachitali paphewa, anamuponda chala.

"Mayo ine!" anakuwa Salome.

Mwamunayo anatembenuka. "Aa, pepani achemwali! Ndimati ndinene kuti sori mma, koma kulira kumeneko si kwa kuno. Ndinu a kumudzi?"

"Wa ku Ntcheu. Chotsani phazi lanu kaye."

Mukombimo anakhala mpando umodzi, chithumba chija chili pamiyendo ya onse awiri.

"Ndine Chindikani, wa ku Mzimba," anatero mwamunayo. "Muchithumbamu muli tenti. Ndimayendetsa azungu kupita nawo ku Kasane, kuwakhomera matenti, kuwaphikira, kuwaonetsa njovu."

"Ine ndine Salome, ndipo ndatopa."

"Ndiye mwakumana ndi dokotala wake. Ine ndikudziwa malo amene munthu wotopa amagona mpaka kuiwala dzina lake."

Salome anafuna kumuyankha mwamwano, koma mphamvu zake zinali kuti? Anangotsamira pawindo n'kutseka maso. Chindikani anayamba kusimba, mawu ali pansipansi.

"Kumpoto kwathu, m'kati mwa nkhalango ya paini ya ku Viphya, muli kanyanja kakang'ono. Madzi ake ndi ozizira, oti ukaponda mano amachita kugundana. M'mawa nkhungu imagona pamadzi. Palibe hutala, palibe wodwala woitana nesi. Pamtengo wina anamangapo limu ya tayala la thirakitala, ndiyo belu la pamenepo. Ikalira, ndiye kuti tiyi wapsa. Ndipo m'mphepete mwa madzimo muli benchi ya anthu awiri okha."

Salome anapitirira siteji yake osazindikira. Abale, nkhani ya madzi ozizira kuiuza munthu amene akupsa ndi dzuwa la m'chipululu, si kumutchera msampha kumeneko?

Potsika, Salome anamupatsa nambala yake, ndipo madzulo a tsiku lomwelo foni inalira. "Mwadzuka, duwa la ku Ntcheu? Chala chili bwanji? Ndine wolakwa uja."

Chikondi chinayambira pamenepo. Mameseji ankabwera ngati mvula ya kwathu, osati ya kuno yochita kupempherera. "Kamtima kanga, ndili ku Kasane, njovu zikukupatsa moni." "Mwezi wanga, idya usanalowe ku wodi." Salome ankawerenga ali pakhonde la chipatala, n'kumamwetulira yekha mpaka anzake Achitswana kumufunsa kuti, "Mma, wapata mankhwala anji?"

Pa Khirisimasi, atakhala pamwala kuphiri la Kgale, Chindikani anamugwira dzanja.

"Tamvera, Salome. Ukatenga tchuthi, tinyamula tenti iyi, ulendo wa kwathu. Tikagona kukanyanja kaja, ine ndi iwe basi. Ndikakukhazika pabenchi ija, ndikakufunsa funso lija pomwepo. Tikachoka apo molunjika kwa amalume ku Mzimba, kenako ku Ntcheu kwa ankhoswe ako. Ndalumbira, mphezi indiwombe!"

Salome analira misozi yachimwemwe. Mayi ake anali atatopa n'kufunsa pafoni kuti, "Kodi ku Botswanako amuna kulibe?" Tsopano yankho linali litapezeka.

Sabata yotsatira anagula bulangete lofiira, lochindikala, lokwana anthu awiri. Pangodya yake anasokapo kaduwa ndi ulusi wachikasu. Chindikani analinunkhiza, n'kulipinda bwinobwino. "Ndikalisunga ku stolo ya kuntchito pamodzi ndi tenti, lisadetsedwe ndi fumbi la kuno," anatero.

"Nanga malowo dzina lake ndi chiyani, kuti tiwaimbire?" anafunsa Salome.

Chindikani anakanda m'mutu. "Dzina lake ndi la Chitumbuka chozama, ungadzilume lilime. Komanso ndamva kuti anatseka. Usadandaule, babe, kumpoto madziwe ndi ambiri. Tipeza pena pofanana napo."

Basi ntchito yofunafuna inamugwera Salome. Loweruka lililonse limene sanali pa ntchito ankapita kumalo a intaneti ku Block 3, kumene kunkagwira ntchito Zuhura, mtsikana wa ku Mangochi wosabisa mawu. Makompyuta a pamenepo anali aulesi, chithunzi chimodzi kutseguka ngati nkhono ikuwoloka msewu. Salome ankadikira atagwira tsaya, nthawi zina n'kusinza pampando pomwepo.

Anapeza kampu ina ya m'mphepete mwa damu, m'nkhalango momwemo. Anathamanga nayo nkhani kwa Chindikani.

"Iii, kumeneko msewu wake mvula ikagwa sudutsika," anatero iye.

Anapeza ina pafupi ndi nyanja yaing'ono ya kumalo osungira nyama.

"Mvuu, kamtima kanga! Ukufuna ndikakutaye kwa mvuu?"

Anapeza ina pamwamba pa mapiri.

"Kumeneko chisanu chake n'chopha. Tidikire Epulo."

Epulo anafika, Salome anasuntha tchuthi. Chindikani anati azungu achuluka, tidikire Ogasiti. Ogasiti anafika, Salome anakagwadanso kwa a metroni, akulu a manesi, n'kusinthana masiku ndi anzake. Chindikani anati galimoto ya kuntchito yawonongeka, tidikire Disembala. Meseji yake inabwera yotsekemera ngati kale: "Pepa mwezi wanga. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Benchi ija siyithawa."

Kudekha, kudekha! Kodi nkhonoyo ili ndi maso angati oti munthu adikire chaka chathunthu?

"Achemwali, ine ndinene," anatero Zuhura tsiku lina, akumupatsa madzi. "Munthu amene amapeza malo ogona azungu m'tchire la eni, angalephere kupeza pokhoma tenti kwawo? Ameneyu akukuzunguzani."

"Amangofuna malo abwino, Zuhura. Amandikonda."

"Ndiye pezani omwewo amawatamawo. Mwina sanatseke n'komwe. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Salome anaganiza. Ndithudi, bwanji osamudabwitsa? Akapeza kanyanja kenikeniko, Chindikani adzanenanso chiyani?

Anagula khadi loimbira kunja, n'kuyamba kuimbira makampu onse aja mmodzimmodzi. Funso lake linali lochititsa manyazi, koma manyazi anali atamuthera. "Pepani, kodi mukudziwa kampu ya pakanyanja, imene belu lake ndi limu ya thirakitala?"

Ena anaseka. Ena anadula. Bambo wina wa kudamu kuja anati, "Oo, mukunena kwa NyaGondwe! N'kuseri kwa phiri uku. Sanatseke ayi, koma ndi kamalo kakang'ono, sikali pa intaneti. Muimbe masana, ndi pamene amakwera pachulu kukasaka netiweki." Anamupatsa nambala.

Salome anavina m'kachipinda kake, kutopa konse kutabalalika. Lachiwiri masana, pa nthawi yopuma, anakhala pansi pa mtengo kuseri kwa wodi n'kuimba.

"Halo? Ndine NyaGondwe," anayankha mayi wa mawu ofatsa, mphepo ikuwomba pafonipo.

"Zikomo mayi. Ndikuimba kuchokera ku Gaborone. Ndikufuna malo okhoma tenti mu Disembala, anthu awiri. Kodi pamenepo ndi pamene pali belu la limu?"

"Ndi pano ndithu! Mwamva kwa ndani za belu lathu?"

"Nanga benchi ya anthu awiri ilipo, m'mphepete mwa madzi?"

Mayiyo anaseka mwamanyazi. "Ilipo, koma mwendo umodzi wafumbwa. Imeneyo anandikhomera ndi abambo a kunyumba kuno, chaka chimene ankandifunsira. Anandikhazika pomwepo. Dikirani, mwati Gaborone? Ndiye akutumani ndi iwowo! Amagwira ntchito konko, amayendetsa azungu. A Chindikani, aatali, oseka ndi aliyense. Mukuwadziwa?"

Salome anayang'ana nsapato zake zoyera. 

"Ndikuwadziwa," anatero.

"Ambuye alemekezeke! Ndinkawauza kuti bwanji osatitumizirako alendo, tsopano amva. Mayi, mundithandize, mayunitsi kuno ndi ovuta. Mukawauze kuti mwana wathu Lusubilo wayamba kuyenda. Akugwa, koma akuyenda. Ndipo mukawathokoze chifukwa cha bulangete anatumiza ndi adalaivala a thiraki lija. Lofiira, lokongola, lili ndi kaduwa pangodya. Chisanu cha chaka chino chikanatipha, ine ndi mwanayu."

"Lakukwanani bwino?" Salome anamva pakamwa pake pakufunsa zimenezo, osadziwa kuti mawuwo achokera kuti.

"Kwambiri! Ndiye ndikusungireni malo? Dzina lanu ndani, mayi?"

"Ndiimbanso," anatero Salome, n'kudula.

Sanakuwe. Sanagwe pansi. Anakhala phee pansi pa mtengo paja, foni ili m'manja, mpaka mnzake anabwera kudzamuitana kuti wodwala wa pabedi la pakona akufuna madzi. Anadzuka n'kukamupatsa madziwo. Mtima unkamupweteka ngati wapondedwa, koma choposa ululu chinali kutopa. Chaka chonse chija, kusinza pa kompyuta, kugwadira a metroni, kunamiza mayi ake kuti zinthu zili m'njira, ankafunafuna khomo la mkazi mnzake!

Ataweruka anapeza meseji. "Duwa langa, ndabwerako ku Kasane. Tikumane pa siteji yathu mawa m'mawa. Ndakusowa kufa."

Anayankha mawu awiri okha: "Ndidzakhalapo ndithu."

M'mawa mwake, Salome atachezera usiku wonse osagona, Chindikani anafika akumwetulira, chithumba cha tenti chili paphewa ngati tsiku loyamba lija. Anatambasula manja, koma Salome sanasunthe.

"Bwanji kamtima kanga? Wodi yakuzunza?"

"Malo aja ndawapeza," anatero Salome.

"Ati? Usandiuze za mvuu zija."

"A belu la limu. Sanatseke."

Kumwetulira kuja kunazima pang'onopang'ono. Chindikani anatsitsa chithumba pansi, n'kuyang'ana uku ndi uku ngati kuti wina amuthandiza.

"Salome, tamvera kaye, nkhani yake ndi yaitali…"

"Ine ndangotumidwa, a Chindikani. Mundilole nditule uthenga, ndikagone." Anapuma mozama. "Akuti Lusubilo wayamba kuyenda. Akugwa, koma akuyenda."

 "Wayamba kuyenda?" anafunsa Chindikani, ndipo chimwemwe chinathawira pankhope pake asanachigwire. Salome anachiona, ndipo chimenecho chinamubaya kuposa zonse.

"Akutinso benchi yafumbwa mwendo. Ndiponso akuthokoza bulangete."

"Babe, ndinalakwa. Anandidandaulira za chisanu, mwana akutsokomola, ine ndinalibe pogwira. Koma ndimakukonda, Mulungu akudziwa! Ukwati uja ndi wa makolo, ng'ombe zinapita kale ndisanakudziwe. Ndimafuna ndikuuze, ndimangodikira nthawi yabwino."

"Epulo kapena Ogasiti?"

Chindikani anakanda m'mutu.

"Bulangete ndakhululuka," anatero Salome. "Likufunda mwana, silinatayike. Koma chimodzi chokha mundiuze. Malo onse a padziko lapansi, munalephera kundipekera bodza langalanga? Mpaka kundilonjeza benchi ya mkazi wanu?"

"Ndi malo okhawo abwino amene ndimawadziwa," anayankha Chindikani motsitsa mawu, maso ali pansi.

"Ndiye pitani konko. Akukudikirani pachulu masana aliwonse."

Kombi inaima, kondakitala akuitana anthu. Chindikani anamugwira mkono.

"Usatero, mwezi wanga. Nanga Disembala? Tchuthi chako chija?"

Salome anachotsa dzanjalo mosakalipa, ngati mmene amachotsera dzanja la wodwala amene wagwira yunifomu.

"Tchuthi ndi changa. Ndipita ku Ntcheu, ndikawauze mayi zoona, kenako ndikagone. Ndinakuuzani tsiku loyamba lija kuti ndatopa, inu munandiyesa wocheza."

Anakwera n'kukhala pawindo. Kombi isanakhote, foni inalira. "Duwa langa, chonde tikambirane." Inaliranso. "Popanda iwe ndine ndani?"

 Salome anatsegula nambala ija ya ku Viphya n'kulemba pang'onopang'ono, misozi ikudontha pagalasi la foni: "Mayi, uthenga wanu ndapereka. Malo aja musandisungire. Mwanayo mumufunditse bwino."

Anatumiza, n'kuzimitsa foni. Mayi wina Wachitswana amene anakhala naye pafupi anamuyang'ana, n'kumupatsa kampango osafunsa kanthu.

"Ke a leboga, mma," anathokoza Salome.

Anapukuta maso n'kuyang'ana msewu. Ulendo uno siteji yake sanaipitirire.