Wachisanu M'ndege ya M'dambo

Verna Pardy anachedwa kutuluka mu holo ya tchalitchi tsiku limenelo. Mlamu wake Cyril, wosunga makiyi a holoyo, anali atatsokomola kangapo konse pakhomo.

"Alamu, anthu anuwa anafa kalekale, sathawa ayi," anatero Cyril. "Ine nsomba yanga ikuzizira kunyumba. Kwerani ndikakutuleni."

"M'galimoto yanu yonunkha nyambo ija? Pitani, ine ndiyenda wapansi."

Kwa zaka zitatu Verna, amene anapuma ntchito ya papositi, ankafufuza za ndege yankhondo yomwe inagwa m'dambo kuseri kwa mudzi wawo ku Newfoundland, mu Novembala 1943. Anayambira pa kachitsulo ka injini komwe alenje anatola m'matope. Nambala ya pakachitsuloko inamufikitsa ku kaundula wa ndege, ndipo kaundulayo anamupatsa mayina a anyamata anayi amene anaikidwa m'manda a tchalitchi opanda zolemba. M'mawa mwake wosema miyala ankayenera kuyamba kuwalemba pa mwala wachikumbutso.

Anakumbatira chikwama cha mapepala n'kuutenga msewu wotsikira ku mlatho. Chifunga chinali chitakwera kuchokera kunyanja. Kuwala kwa tochi sikunkapitirira mapazi asanu.

Atafika pa mpanda wa manda, anamva mapazi kumbuyo. Tchwa... tchwa... ngati nsapato zodzaza madzi.

Anaima. Mapaziwo anaimanso.

"Cyril? Zachibwana sindifuna ine."

Zii.

Anayenda ndawala. Tchwa... tchwa... tchwa... Tsopano anali pambali pake penipeni. Fungo la mafuta a injini ndi matope ovunda linamutseka mphuno. Anatembenuza tochi.

Mnyamata! Wamtali, wowonda, wa zaka zosapitirira makumi awiri. Anavala ovolosi yonyowa, madzi akuda akuchucha m'manja mwake. Kunja kunkazizira koopsa, koma pakamwa pake sipankatuluka nthunzi.

"Amayi, mwalemba angati?"

"A... anayi."

"Werenganinso. Tinakwera asanu."

"Ndiwe mwana wa yani iwe? Wagwera m'madzi?"

"Injini yakumanzere inkatsokomola. Ndinangokwera kuti ndikaimve ili m'mwamba. Sanandilembe." Ankalankhula osamuyang'ana, maso ali kudambo. "Kwathu akuti ndinathawa. Sindinathawe, amayi. Ndili pansi pa phiko."

Miyendo ya Verna inkangoyenda yokha. Mlatho uwo. Matabwa ake anayamba kulira pansi pa nsapato zake. Zake zokha!

"Emile Doiron," mawu aja anamveka kukhutu kwake. "Wa ku Caraquet. Muwauze."

Anatembenuka.

Palibe!

Chifunga chokhachokha, ndi madzi akuda akuyenderera pa thabwa louma...

Verna sanadziwe m'mene anafikira kunyumba. Anakhoma chitseko, anayatsa magetsi onse, n'kukhuthulira mapepala patebulo. Mndandanda wa okwera ndege: anayi. Lipoti la ngozi: anayi. Kenako anakoka mpukutu umene sanaulabadirepo chiulandirireni, wa ogwira ntchito zapansi pa bwalo la ndege. Chala chake chinatsika ndi mizere mpaka chinaima.

Doiron, E., makaniko. Sanapezeke pa perete m'mawa wa 10 Novembala. Wathawa usilikali.

Ndege inagwa madzulo a pa 9.

Kusanache anali atamugogodera kale wosema miyala. "Musakhudze mwala uja, bambo Hiscock. Chonde. Mayina sanakwane."

Cyril anaseka mpaka misozi atamva nkhaniyo. "Alamu, mwayamba kuperekezedwa ndi anyamata pa msinkhu uno? Mukanakwera galimoto yonunkha ija!" Komabe Loweruka anatenga anzake awiri, zingwe ndi mafosholo, n'kulowa m'dambo lisanaume ndi chisanu. Phiko la ndege linali chigonere pomwe linagwera, theka lake lili m'matope. Analitukula ndi mitengo. Verna anaona mlamu wake akugwada, akupisa mkono mpaka m'phewa, kenako akuvula chipewa.

Anatulukamo ndi sipanala, ndi kachizindikiro ka m'khosi komwe asilikali ankavala. Cyril anakapukuta pa malaya ake. Anakapereka kwa Verna.

E. DOIRON.

Apolisi anabwera kudzatenga mafupa. Patapita milungu iwiri, fayilo ya makanikoyo inafika kuchokera kosungira mapepala akale. Pamwamba panali kachithunzi. Verna anangokaona kamodzi n'kukhala pansi pakhitchini. Nkhope yowonda ija. Maso omwewo.

Ku Caraquet kunatsala mlongo wa Emile mmodzi, mayi Lucienne, wa zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu. Verna anawaimbira foni n'kuwafotokozera za ndege, za phiko ndi za kachizindikiro. Za pa mlatho sanatchule.



"Bambo athu anang'amba zithunzi zake zonse kalata yoti wathawa usilikali itafika," anatero mayi Lucienne. "Anatiletsa kutchula dzina lake m'nyumba. Amayi ankapita kusiteshoni mobisa, kukaona otsika sitima, mpaka miyendo inawakana. Ine ndinakula ndikumuda, mayi Pardy. Zaka zonsezi ndikumuda." Anapuma movutikira. "Tandiuzeninso pang'onopang'ono. Achimwene anga anamwalira liti?"

"Pa 9 Novembala, 1943."

"Ndiye kuti kalata ija imafika... iwo ali kale m'matope?"

"Inde, amayi."

Verna anamva foni ikuikidwa patebulo. Kenako, chapatali, mawu a nkhalamba akuitana m'nyumba yopanda anthu, mokweza ngati kamtsikana kaima pakhomo:

"Emile! Emile!"