Theka la Chitenje

Lezala inalira pansalu, khwee! Atsikana amene ankadya mandasi pansi pa mtengo wa mbawa analeka kutafuna. Millie anali atagwada pafumbi akudula chitenje chake chobiriwira cha maluwa achikasu, ndipo sanasiye mpaka chinasanduka tizingwe.

"Pita ku Blantyre kwakoko!" anakuwa motero, maso ali psuu. "Njoka iwe! Ukangopita, pobwera sudzandipeza."

Husna anangoima chilili. M'mawa wa Lachisanu lomwelo ahedi anali atawerenga dzina lake pakati pa ophunzira atatu opita ku mpikisano wa mafunso a sayansi. Sukulu yawo, ya pafupi ndi msika wa Milonde, inali isanafikepo pamenepo chiyambire. Chotsala chinali kalata ya chilolezo cha makolo. Akapanda kubwera nayo Lolemba, malo ake atenga Austin, mnyamata wa m'kalasi mwawo.

"Chiperoni chatsika m'phiri," anatero Wyson, mnyamata wa pakamwa posatseka. Ena anaseka, ena anati Millie ngodzimva, ndipo mtsikana wina analumbira kuti ameneyo anamulodza.

Kwathu kuno chinjira si mnzako wamba. Makolo a mbali zonse amadziwa, mumapatsana mphatso, pachisangalalo ndi pamaliro mumakhala limodzi. Husna ndi Millie anamanga uchinjira wawo ali Sitandade 7, ndipo mayi ake a Husna anawagulira nsalu imodzi nkuidula pakati kuti aliyense akhale ndi chitenje chofanana ndi cha mnzake. Millie akakhala pabwino, panalibe mnzake womuposa. Ankamubweretsera Husna nanazi wakupsa kuchokera kwa azakhali ake omulera, omwe ankathyola tiyi kuesiteti, nkumamuuza kuti padziko lonse palibe munthu wabwino ngati iye. Koma mawa lake yemweyo ankatha kumutcha njoka. Kenako misozi, kupepesa, nanazi wina. Husna anali atasiya kale netibolo ndi kalabu ya zisudzo chifukwa cha mawu amodzi omwewa: chinjira sasiya mnzake.

Loweruka, ali pabenchi la mayi ake mumsika akusankha nyemba, Husna anazama m'maganizo mpaka mayiwo anadabwa. Mtsikanayu anali ndi mutu wokonda kufunsa kuti chinthu chayamba bwanji, nchifukwa chake sayansi inkamukomera. Ndiye anayamba kukumbukira mikwiyo ya Millie umodziumodzi, monga amachitira ndi mafunso a m'kalasi.

Mphunzitsi wawo wa Chingerezi atasamutsidwa, Millie anakhala masiku awiri osadya. Husna atapita kukadyera Idi kwa amalume ake ku Mangochi, anabwera nkupeza makope ake atanyikidwa m'madzi. Azakhali aja akangoti akupita kukaoda kaunjika ku Muloza, Millie ankaswa mbale. Akalakwa mayeso sankakwiya. Akamunena za nsapato zong'ambika ankangoseka. Moto unkabuka pokhapokha wina akamachoka.

Husna anakumbukira zimene Millie anamuuza kamodzi kokha: ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, mayi ake anakwera kabaza wa ku Muloza nkunena kuti, "Ndikubwera madzulo." Madzulowo anali asanafikebe mpaka lero. Anakumbukiranso juzi imene Millie sankavula ngakhale dzuwa la Okutobala liswe mtengo, ndi mabala a lezala amene anawaona pamkono pake tsiku lina akuchapa kumtsinje. Tsiku limenelo Millie anamulumbiritsa kuti asauze munthu.

"Amayi," anatero Husna, "chinjira akakusungitsa chinsinsi choti chingamuphe, umasungabe?"

Mayi ake anaika mbale yoyezera pansi nkumuyang'ana nthawi yaitali. "Chinsinsi chotero si chako, mwanangu. Mutu umodzi susenza denga, nanji kamutu kakoka. Bweretsa kalatayo ndisaine, ndipo mawa ukaonane ndi aphunzitsi ako."

Lamlungu masana Husna anagogoda pakhomo pa Madamu Namacha, omwe ankayang'anira atsikana pasukulupo. Anafotokoza zonse mwandondomeko, osawonjezera, osachotsera. Ponena za mabala aja ankadziona ngati wogulitsa mnzake.

"Waona bwino, Husna," anatero madamuwo. "Aliyense amakwiya, aliyense amachita nsanje. Koma zikamabwerezabwereza chaka ndi chaka, lero ndiwe mngelo mawa ndiwe mdani, kuopa kusiyidwa mpaka kudzivulaza, pamenepo si mwano chabe ayi. Si ufitinso. Pali anthu amene bala la mumtima limakula nawo mpaka kulowa m'khalidwe lawo, ndipo amavutika kuposa amene akuwavutitsawo."

"Ndiye matenda akewo dzina lake ndi chiyani, madamu?"

"Ine si dokotala, iwenso si dokotala. Usakamupatse dzina, a Wyson angalitole. Lachiwiri lililonse kuchipatala kwathu kuno kumabwera a Samueli, amene anaphunzira za maganizo a anthu. Ndikalankhula ndi azakhali ake lero lomwe, ndipo masiku amenewa sitimusiya yekha. Imeneyo ndi ntchito ya ife akuluakulu."

"Nanga ku Blantyre ndisapite?"

Madamu Namacha anamwetulira. "Unasiya netibolo. Anachira?"

Husna anapukusa mutu.

Lolemba m'mawa anapereka kalata ija kuofesi. Poweruka anamupeza Millie pampopi wa kuseri kwa makalasi. Nkhani inali itamufika kale kudzera kwa azakhali ake, ndipo nkhope yake inali itatupa ndi kulira.

"Wandigulitsa," anatero Millie. "Unalumbira iwe! Tsopano aliyense aziti ndine wamisala."

"Ndauza madamu ndi amayi basi. Ndipo zitachitikanso ndikhoza kukanenanso. Bola undide uli moyo."

"Ndiye sukupita?"

"Ndikupita."

Millie anamutukwana mawu amene sitingawalembe m'buku la ana asukulu. Husna anamva kuwawa, koma sanasunthe ndipo sanabweze. Atatha mawu mnzakeyo, iye anatulutsa chitenje chake m'chikwama, chobiriwira chija cha maluwa achikasu. Analuma m'mphepete mwake ndi mano nkuching'amba pakati.

"Tamvera, chinjira. Ndinyamuka Lachinayi. Ndibwera Lamlungu pa minibasi ya masana. Sindikunena kuti madzulo, ndikukuuza tsiku lake. Theka ili ndi lako, linali ndipita nalo. Ndikabwera tidzalumikiza."

Millie analandira nsaluyo, anaiponya m'matope a pampopi, nkuthawa osacheuka.

Husna anapita ku Blantyre mtima uli m'mwamba. Koma atakhala pampando wa mpikisano, mutu wake unagwira ntchito. Anayankha za magetsi, za magazi, za nthaka, ndipo sukulu ya kumudzi imene ena ankaifunsa kuti ili chigawo chiti inatenga malo achiwiri. Austin, yemwe anatsala, anatumiza uthenga pafoni ya aphunzitsi woti akanapita iye akanatenga oyamba. Pakamwa sipalipira msonkho.

Lamlungu minibasi inachedwa pa Limbe kudikira kudzaza, inachedwanso pa Luchenza pomwe kondakitala anakangana ndi mayi wa nkhuku. Phiri litayamba kuonekera kuseri kwa minda ya tiyi, Husna anatulutsa theka lake la chitenje nkulifumbata. Atatsika pasiteji anayang'ana uku ndi uku. Panali akabaza, ogulitsa nthochi, ndi Wyson akutafuna mzimbe. Millie panalibe.

Mantha anamugwira. Anathamanga kulowa mumsika, chikwama chikumumenya kumsana, kuti akafunse mayi ake. Atakhota pa mashedi a nsomba anaima.

Millie anali atakhala pathumba la nandolo pafupi ndi benchi la mayi aja, akusankha nyemba. Kumutu anali atamanga duku lobiriwira la maluwa achikasu, lochapidwa bwino, ngakhale banga la matope linali lisanachokeretu. Manja a juzi anali atawapinda mpaka m'zigongono, ndipo m'thumba la siketi munkaonekera kabuku ka kuchipatala.

"Wakhala pano kuyambira m'mawa," anatero mayi a Husna. "Akuti pasiteji sangapirire."

Millie sanadzuke. Anamuyang'ana mnzakeyo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ngati akufuna kutsimikiza kuti ndi yemweyo.

"Wachedwa," anatero. "Dzuwa litapendeka ndinati basi, nayenso wapita. Ndinafuna kung'amba dukuli. Koma a Samueli anandiuza kuti zikandifika pakhosi ndizipeza chogwira ndi manja mpaka zitsike. Ndasankha nyemba za amayi thumba lonse."

"Ndi zosankha kale zomwe," anawonjezera mayiwo.

Husna anaseka, misozi ili m'maso.

"Usaseke," anatero Millie. "Akuti si za tsiku limodzi. Ndizipita Lachiwiri lililonse, mwina mpaka chaka. Ndipo ndidzakutchanso njoka, ndikudziwa."

"Ukadzanditcha njoka ndidzapita kwathu, mawa lake ndidzabwera. Koma netibolo ndikuyambiranso."

Millie zinamuwawa, zinaoneka pankhope, ndipo dzanja lake linalowa m'nyemba muja nkufumbata zodzaza. Anakhala choncho kanthawi, kenako anazisiya pang'onopang'ono.

"Chabwino," anatero. "Lero ndakukwiyira katatu. Ndakukhululukira kawiri."

"Nanga kachitatu?"

Millie anamasula duku lija, nalitambasula pamwendo pake. Pakolala ya juzi anasololapo singano imene anali atalowetsamo kale ulusi wobiriwira.

"Bweretsa theka lakolo," anatero. "Tikamaliza kusoka."