Galu wa Mwawi

Felesta anali atangomupaka sopo Dasti, thovu lili mpaka m'zigongono, pamene foni inalira pawindo la kukhitchini. Anali atangoweruka kuntchito yosamalira okalamba, miyendo ikuphwanya, ndipo galuyo ankanunkha ngati chiguduli chonyowa.

"Mwawi, tandiikira pa sipika," anauza mwana wake wamkazi, amene anakhala pasitepe akusenda lalanje.

Anali mayi wa ku ofesi ya ndende. Anati a Overstone Msaiwale adwalika, khansa yafika pachiwindi, ndipo madokotala a ku chipatala cha Murdoch, kumene agonekedwa, akweza manja. Akuluakulu avomera kuwatulutsa mwachifundo kuti akatsirizikire panyumba, bola papezeke wowalandira.

"Atchula nyumba yanu ya ku Girrawheen. Poyamba anatchula ya akazi awo, mayi Dora a ku Armadale, koma iwo akana."

Akazi awo? Ku Armadale komweku?

Felesta anangoti aganiza kaye.

Anakumana ndi Overstone korona isanabwere. Mwawi amadwala khunyu, ndiye bungwe lina linamupezera galu wophunzitsidwa, amene amadziwiratu mwana asanagwe n'kumukankha ndi mphuno kuti akhale pansi. Agaluwo ankaphunzitsidwa ndi akaidi. Tsiku lokamutenga Dasti, Felesta anakalipira Mwawi m'Chichewa, ndipo bambo wamtali amene anagwira chingwe anacheuka, poti kudziko la eni kuno Chichewa sichimvekamveka.

"Mayi, kwanu n'kuti?"

"Ku Kasungu."

"Ndiye galuyu wapita kwa abale. Ndamulera ndi Chichewa ameneyu."

Bamboyo, Overstone, anamangidwa atagunda munthu ndi galimoto ataledzera, pochokera kumigodi. Zimenezo sanabise. Za mkazi ndiye anati, "Anandisiya kalekale, anabwerera ku Blantyre."

Felesta, amene kwawo galu saponda n'pakhonde pomwe, anapezeka ali ndi galu wogona pabedi la mwana. Anapezekanso ali ndi mwamuna woimba foni Lamulungu lililonse. Mliri utatseka zipata za ndende, panatsala mawu okha. Koma mawu akewo! "Fele wanga, duwa langa la ku Kasungu." "Ndikadzatuluka, manja akowo adzapuma, ndalumbira." Mayi wamkulu ndithu, woti bambo wa mwana anamuthawa kalekale, ankatsuka mbale akumwetulira yekha ngati kamtsikana ka sitandade eyiti. Ankatseka chitseko poyankha, kuopa kuti Mwawi angamuseke.

Foni inaliranso, ndipo Mwawi anadinanso sipika.

"Fele wanga, wamva? Ndikubwera kunyumba, mtima wanga."

Mawuwo anali atawonda, koma Dasti anaimika makutu. Anadumpha m'beseni, madzi ndi thovu ponseponse, n'kukaimika miyendo pawindo akulira ngati khanda.

"Ndi Dasti ameneyo? Mnyamata wanga, ukundikumbukira? Bwera kuno, bwera."

"A Overstone, Dora ndi ndani?"



"Zimenezo n'zakale, Fele."

"Zakale zimakwera sitima ya ku Armadale? Munati ali ku Blantyre."

"Ndikanakuuza, ukanamayankha foni yanga?"

"Ndipo munayamba mwapempha kwa iwo. Ine ndine tayala la sipeya."

"Kuli ana anga kumeneko, duwa langa. Munthu akamafa amafuna..."

Lalanje linagubuduka kudutsa pamapazi a Felesta. Atacheuka anaona Mwawi atangoti maso tong'o, dzanja likunjenjemera, thupi likupendekera kumene kuli simenti. Anathamanga, anamuwakha mutu usanagunde, anamugoneka chammbali n'kumutsamiritsa thaulo la galu. Anagwada pomwepo mpaka kugwedezeka kunatha.

Nthawi yonseyo Dasti anali pawindo, akukanda foni.

Chibwerereni panyumbapo, galuyo anali asanaphonyepo. Tsopano anabwera mchira uli pansi, n'kugona pambali pa mwana, mochedwa.

"Fele? Chachitika n'chiyani? Ndiyankhe."

Felesta anatenga foni ndi manja oterera, anachotsa sipika.

"Mwawi wagwa."

"Dasti sanachenjeze?"

"Amamvetsera inu."

Ndi Overstone yemwe anamuuza tsiku loyamba lija kuti galu wantchito amakhala ndi mwini mmodzi.

"Awa ndi mawu chabe," anatero Felesta. "Nanga mukadzagona m'chipinda chinacho, Dasti adzagona pakhomo pa yani? Ine ndikakhala kuntchito, mwanayu adzamuyang'ana ndani?"

"Ndikhoza kumuuza kuti..."

"Mundiuze zoona kamodzi kokha, ndatopa. Mukufuna kudzafera pafupi ndi ine, kapena pafupi ndi galuyu?"

"Nonse, wokondedwa."

"A Overstone."

Anamva kupuma kolemera, ndi kamakina kakulira chapatali.

"Anandipatsa ali wokwana m'chipewa," anatero pomaliza. "Ankagona pachifuwa panga. Tsiku limene munamutenga, ndinalephera kudya. Nditapempha nambala yako, ndinkafuna kumamva za iye. Zinazo zinabwera pambuyo. Koma zinabwera, Fele."

Ndiye kunali kotero. Lamulungu lililonse funso loyamba linkakhala lakuti Dasti wadya, ndipo Felesta ankati ndi nthabwala za chikondi. Mtima unamuwawa, koma analibe mphamvu zokalipa. Munthu wotsala mafupa okhaokha ungamukalipire chiyani?

"Ndiwauza a ku ofesi kuti ayi."

"Ndiye ndifera kuno, mlonda ali pakhomo. Alendonso sakuwalola, ndi mliriwu."

"Ndikudziwa."

"Fele, ndimakukondadi."

"Mwina. Mayi Dora ndiwafunafuna ndekha kudzera kwa azimayi a kutchalitchi, tikalankhule mkazi ndi mkazi. Ana anu akuoneni. Zimenezo ndichita."

"Nanga Dasti? Ngakhale pawindo la chipatala pokha?"

Felesta anayang'ana Mwawi, amene anali atayamba kutsegula maso, zala zake zikufufuza ubweya wonyowa.

"Ayi. Ndipo musaimbenso kuno. Asamvenso mawu anu."

Anadula foni asanamve dzina lina lokoma.

Anamunyamula Mwawi, ngakhale anali atalemera, n'kukamugoneka pampando wa pakhonde pamene akanatha kumuona. Mwanayo anafunsa ndi Chingerezi chake ngati amalume aja akubwera. Felesta anapukusa mutu.

Sopo anali ataumira pamsana pa galu, ndipo madzi a m'beseni anali atazizira. Anamukoka Dasti pakhosi, galuyo akucheukirabe kuwindo.

"Lowa. Ine ndiye ndikuwawidwa, iwe n'kumalira?"

Anatsegula mpopi n'kuyamba kutsukuluza kuyambira kumakutu. Maso ankamuyabwa, koma manja onse anali ndi thovu, ndiye anangowasiya choncho.