Mabawuti Anayi a Njanji

Pakhomo pa bambo Paulino, woyendera njanji ku Cuamba, panali pamtendere. Ana ankadya n'kukhuta, pemphero silinkaphonya. Koma mwana wawo woyamba, Valentim, anali wamanja oyabwa. Anaba nsalu m'sitolo, n'kukhala m'ndende chaka chathunthu.

Atatuluka mu 1971, nkhondo yolimbana ndi atsamunda achipwitikizi ili mkati, mayi ake anamusambitsa madzi a zitsamba kuseri kwa nyumba.

"Zakundende zitsale panja," anatero mayiwo.

"Ndipo umvetse," anawonjezera bambo ake. "Masiku ano asilikali safunsa kawiri."

Ntchito inasowa. Aliyense akamuona ankagwira thumba lake. Womusekerera anali Bacar yekha, mnzake wakundende.

"Iwe, osula makasu ku Mitande akulira chitsulo," anatero Bacar. "Mabawuti anayi a njanji, angadziwe ndani?"

"Ndinalumbira kuti sindidzabanso, achimwene."

"Lumbiro amadya?"

Masana ena, antchito akupuma, Valentim anamasula mabawutiwo. Wopusayo sanaganize kuti pankhondo bawuti ikasowa sati yabedwa. Asilikali achipwitikizi anati ndi ntchito ya ankhondo a m'tchire, ndipo woyendera chigawo chimenecho cha njanji anali bambo Paulino. Anawatenga atawamanga manja kumbuyo.

"Otengedwa chonchi sabwerako," analira mayi a Valentim, osadziwa kuti wolakwa ali pambali pawo.

"Thawa!" anatero Bacar. "Ukafika ku Mandimba, Malawi ndi apo."

Valentim anachita mantha. Komabe anakulunga mabawuti aja m'chiguduli, n'kukawakhutula pamaso pa mkulu wa asilikali.

"Bambo anga sadziwa kanthu. Ine sindine wankhondo, ndine mbava chabe. Kafunseni kundende, akundidziwa."

Anakafunsadi. Manyazi ake omwewo ndiwo anamuchitira umboni. Anamukwapula koopsa, n'kumupatsa zaka ziwiri. Bambo ake anamasulidwa tsiku lachitatu, koma mwendo atawathyola. Njanji sanaiyenderenso.

Tsiku lotuluka Valentim, pachipata panali nkhalamba yotsamira ndodo. Ataona kuti ndi bambo ake, Valentim anagwada.

"Dzuka," anatero bambo Paulino. "Munda wathu wa ku Lúrio ukudikira wolima, ine sindingathe. Tiye kwathu."

Anaulimadi mundawo, ndipo chamwini sanachikhudzenso.

Inu achinyamata, ndende ikakulavulani musabwerere kwa anzanu akale. Kuba kumapweteka choyamba amene amakukondani. Valentim anakhululukidwa, koma bambo ake anatsimphina mpaka imfa.