Chidindo cha Patapata

Ine Grain ndinakulira ku Kawale, m'nyumba yopemphera. Bambo anga anali telala, komanso mkulu wa mpingo. Mu 1995 ndinapeza ntchito yogawa makalata a msonkho wa nyumba, panjinga, Kawale ndi Biwi yense.

Okalamba ankadana ndi mzere wa ku ofesi ya msonkho. Tsiku lina Mayi Dinah, amasiye a ku Biwi ogulitsa zitumbuwa, anandiimitsa.

"Mwana wa abambo amkulu, bwanji muzikandilipirirako? Mawondo angawa atha."

Ndinakalipiradi, kawiri konse. Kachitatu ndinakumana ndi Maxon, mnzanga wosema zidindo kudepoti.

"Iwe ndiwe mbuzi eti? Ndalama zikungodutsa m'manja mwako ngati madzi apampopi. Tabweretsa lisiti limodzi ndilione."

Anandisemera chidindo pachidendene cha patapata. Kuyambira pamenepo ndalama zinkathera m'thumba mwanga, mayiwo n'kumalandira mapepala anga. Makalata owachenjeza akatuluka, wogawa ndinali ine ndemwe. Ndinkawaponya m'chimbudzi.

Bambo anayamba kundiyang'ana kumapazi.

"Nsapato izi n'zamalipiro a mesenjala?"

"N'zapakaunjika, bambo."

"Kaunjika wake wobwera m'bokosi? Grain, chakuba sichigona tulo."

Mayi Dinah nawonso anakayika. "Bwanji lisiti la aneba lili ndi nambala yofiira pamwamba, langali lilibe?"

"Anasintha mapepala, mayi. Matipate ano zonse n'zatsopano."

Anapinda pepalalo n'kuliika m'Baibulo.

Mu 1998 m'kaundula munaoneka kuti nyumba yawo sinalipire zaka zitatu. Kunabwera lole yolanda katundu, masanasana, aneba ali ndondondo pampanda. Mayiwo anatulutsa malisiti onse. Bwana wa pa loleyo anawatembenuza, n'kupukusa mutu.

"Amayi, izizi anakupatsani ndani?"

Anatchula dzina langa motsitsa, ngati olakwa ndi iwo. Mipando, matiresi ndi chiwaya chokazingira zitumbuwa zinakwera lole. Bwanayo anawapatsa mwezi umodzi, apo ayi nyumba igulitsidwa.

Ndinakhala m'ndende zaka ziwiri. Bambo anagulitsa makina awo osokera onse awiri n'kuombola nyumba ya mayiwo, ndipo ukulu wa mpingo anautula. Nditatuluka ndinawapeza akusoka zigamba pamanja, pakhonde la golosale ya eni. Kwa Mayi Dinah ndinafika kawiri pageti n'kubwerera, manyazi. Kachitatu ndinapeza nkhuni zamaliro awo zikufuka panja.

Achinyamata, munthu akakupatsirani ndalama kuti mukamulipirire msonkho, wakusungitsani denga lake. Kalipireni tsiku lomwelo, lisiti lenileni mukam'patse m'manja. Ine kupepesa kwanga ndinakapepesera pamanda, ndipo palibe anandiyankha.